Yatsala Miyezi 22, Achimwene

"Mayi, ndipatseni ya nyemba ndi mpiru. Nkhuku ayi."

Woyankhulayo adali bambo wa tayi yabuluu, shati yosita bwino, chiphaso cha ku ofesi chikulendewera pakhosi. Inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo pansi pa mitengo ya kuseri kwa maofesi a ku City Centre mabenchi adali atadzaza kale: madalaivala, alonda, amesenjala, makalaliki otsika ku Capital Hill, aliyense mbale pamwendo. Ine ndidakhala kumapeto kwa benchi, maso pa nsima yanga, makutu pa za eni.

"Iii, akulu!" adatero mnzake wa jekete, uku akunyotsola ntchafu ya nkhuku. "Nyemba mwezi usanafike n'pa 10 pomwe? Anzanu nyemba timayamba pa 20. Kapena adokotala akuletsani nyama?"

"Adokotala sanandiletse kanthu."

"Nanga ka Passo kali kuti? Masiku onsewa ndikungokuonani mukutsika minibasi. Kali ku galaja?"

"Ndinagulitsa."

"Mwagulitsa? Ndiye kuchokera ku 47 mukumayenda bwanji ndi ana a sukulu?"

"Ku 47 ndinasamukako. Ndili ku 25."

Wa jeketeyo adaika fupa pambali n'kusendera pafupi. Mawu adatsitsa, ngakhale benchi lonse linkamva ndithu. "Achimwene, ndine mnzanu, musandibisire. Akuimitsani ntchito? Kapena maodita apeza kanthu?"

"Ntchito ilipo, ndipo maodita alibe nane mlandu. Ndikubweza ngongole, basi."

"Aaa, nkhani yake n'imeneyo? Pano pali amene sakubweza ngongole? Peyisilipi yanga mutaiona mukhoza kundigulira nkhuku ina chifukwa cha chisoni."

"Inu akukudulani uku mukutenga ina. Ine kutenga ndinasiya."

Adapukuta dzanja pa kansalu, napisa m'thumba la shati, natulutsa pepala lothothola m'kope la mwana wa sukulu, lopindapinda, m'makona mutada ndi thukuta. Adaliyala pabondo. Pamene ndidali ndinkatha kuona mizere isanu ndi iwiri, ina itakhwatchidwa ndi cholembera chofiira.

"Yoyamba inali yabwinobwino," adatero. "Ndinatenga kubanki kuti ndigule puloti cha ku Airwing. Munthu umafuna ana adzakhale ndi pawo. Kenako maziko. Anyamata a mafomu aja, oyendayenda m'makonde a ofesi, anandipeza: bwana, chikole sitifuna, peyisilipi ndi chiphaso cha unzika basi, mawa ndalama zili mu akaunti. Ndinasaina. Chaka chisanathe anabweranso: bwana, mwakwanira top-up. Ndinasainanso."

Amene sadagwirepo ntchito yolandira pamwezi sadziwa mmene munthu wa peyisilipi amakondedwera m'tauni muno. Makamaka wa m'boma, okongoza samuopa, poti malipiro ake ngosakayikitsa ndipo gawo lawo limadulidwa ndalama isanafike m'manja mwa mwini. Top-up ija imagwira ntchito chonchi: amakupatsa ngongole yatsopano yokulirapo, amachotsapo zotsala za yakale, iwe n'kulandira zapamwamba zokhazo, koma miyezi yobweza n'kuyambiranso pa 1. M'manja mumalowa zochepa, pa peyisilipi pamakhala zambiri, kwa zaka zina zitatu kapena zisanu.

"Nyumba itafika pa windo, kwacha inagwa," adapitiriza wa tayi. "Mukukumbuka. Meyi 2022 anaigwetsa ndi 25 peresenti, tinati tipirira. Novembala 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti. Dola imene inali cha m'ma K1,180 tinadzuka ili K1,700. Simenti, malata, shuga, mafuta ophikira, zonse zinathawa tsiku limodzi, salale ili pomwe ija. Ndiye Febuluwale 2024 a Reserve Bank anakweza chiwongoladzanja chawo kufika 26 peresenti, ndipo ya kubanki ija, poti imatsata komweko, nayo inalemera. Fizi ya teremu itakwana, ndinauza mayi a kunyumba kuti atenge ku banki mkhonde. Kumeneko ndi 20 peresenti pamwezi. Tsiku lobweza litakwana, ndinalibe. Ndinapita kwa mkulu uja."

Sadatchule dzina, koma anthu angapo pa benchi adagwedeza mutu. Mkulu uja amadziwika.

"K200,000, pa 50 peresenti. Anatenga khadi yanga ya ATM ndi nambala yachinsinsi. Salale ikangolowa, iye ndiye anali woyamba pa makina: K100,000 yake, zotsalazo n'kunditumizira pa foni ngati ndine mwana wake. Miyezi 6 ndinamupatsa K600,000. Ndikafunsa kuti yatsala zingati, akuti K200,000 yanu ija ikadalipo, bwana, mwakhala mukupereka chiwongoladzanja chokha."

"Mmm!" adatero mlonda wina, nsima ili m'kamwa.

"Ndiye pepalali?" adafunsa wa jekete.

"Pepalali ndinalilemba usiku umene mayi a kunyumba anabwera kuchokera ku gulu lawo akulira. Amayi anzawo anawauza kuti Loweruka abwera kudzanyamula firiji ndi sofa. Kupatula ya ku gulu lawoyo, mayi a kunyumba ankadziwa ngongole imodzi yokha, ya puloti. Zinazo ndinkabisa. Usiku umenewo ndinaulula zonse. Tinakhala pa tebulo mpaka tambala, kulemba: kwa yani, zingati, chiwongoladzanja chake, tsiku lake. Zitatuluka zonse pamodzi ndinachita chizungulire. Zaka zonsezo sindinaziwonkhetsepo, ndinkaopa."

"Sanalongedze katundu?"

"Sabata yathunthu sanandiyankhule. Kenako anati, gulitsani galimoto."

Dongosolo lake, monga adalifotokozera uku akuloza ndi chala mzere ndi mzere, lidali lotere. Ndalama za galimoto adathamanga nazo kwa katapila, pamaso pa mboni ziwiri, n'kulanda khadi yake, tsiku lomwelo n'kukasintha nambala yachinsinsi. Zotsala adatsekera banki mkhonde. Ngongole ziwiri za makampani okongoza adazipititsa ku SACCO ya kuntchito, kumene kwa zaka zambiri ankadulidwa masheya osawalabadira. Ma SACCO amakongoza molingana ndi masheya a munthu, ndipo iyo idalipira makampaniwo n'kumusiyira ngongole imodzi ya miyezi 36. Kubanki adalemba kalata, n'kupita yekha kukakhala pamaso pa woona za ngongole, kupempha kuti amutalikitsire nthawi kuti zodula pamwezi zichepe. Otsala adali wa okala ya ku 47 ndi mlamu wake. Awiriwa adawapita pakhomo, n'kugwirizana nawo za K20,000 pamwezi aliyense.

"Komatu musaganize kuti anandikhululukira," adatero. "Kutalikitsa nthawi ndiye kuti pomaliza ndidzakhala nditapereka zambiri kuposa poyamba. Ndinawerengera, ndikudziwa. Ndinagula mpweya basi. Miyezi 14 yatha. Yatsala 22."

"Ku Joni zimenezi zili ndi ofesi yake," adalowererapo dalaivala wina wa kapusi, amene aliyense pamenepo amadziwa kuti adakhalako ku Johannesburg, poti salola tsiku kudutsa osatchula. "Lamulo lawo la ngongole la 2005 limalola munthu wolemedwa kupita kwa mlangizi wa za ngongole wovomerezeka. Iyeyo ndiye amakambirana ndi onse okukongoza, khoti n'kusindikiza. Umalipira malo amodzi, iwo n'kumagawana. Koma dzina lako amalitseka, sungatengenso ngongole ina mpaka utamaliza. Amati debt review."

"Kuno mlangizi wako ndi mkazi wako," adatero wa tayi, anthu n'kuseka.

Adanena moseka, koma n'zoona. Malamulo tili nawo: la 2010 loyang'anira makampani okongoza ndalama zing'onozing'ono, limene limafuna kuti wokongoza akhale ndi chilolezo cha Reserve Bank, la 2011 la ma SACCO, la 2016 lokhudza anthu ndi makampani olephera kubweza ngongole, lomwe njira yake njodzera kukhoti ndi kwa maloya. Nkhani yoika malire pa chiwongoladzanja aphungu adakanganapo kwambiri cha mu 2018, uko kutsidya kwa msewu ku Nyumba ya Malamulo, koma siidasanduke lamulo. Kalaliki wamba amene ngongole zamufika m'khosi amadzipangira yekha dongosolo, n'kuyenda nalo khomo ndi khomo, chipewa m'manja. Palibenso womutseka dzanja kuti asasaine fomu ina. Ayenera kudzitseka yekha, mwezi ndi mwezi, anyamata a mafomu akumuimbirabe foni.

"Kungothawa osabweza bwanji?" adafunsa mnyamata wotsuka magalimoto, amene adali chiimire ndi ndowa yake. "Kusintha layini ya foni basi."

"Aise, izo n'za Kutapa ndi Pasavute," adamuyankha mtsikana wa suti yakuda amene adakhala chete nthawi yonseyi. "Masiku ano mabanki ndi makampani okongoza amapereka mayina ku ma credit reference bureau. Lamulo lake n'la 2010. Ukathawa kuno, ukakafunsa kwina amangotsegula kompyuta n'kukuuza mbiri yako yonse. Ine ya ku yunivesite a Loans Board anandipeza ndisanalandire n'komwe salale yachitatu. Ndinayamba ntchito ngongole ili kale pamutu."

Mayi wa nsima, amene ankamva zonse uku akuomola mitanda, adaika chipande pansi napukuta manja pa chitenje. Pansi pa tebulo adatulutsa kope lachikuto cholimba, lonona ndi mafuta.

"Inu mukukamba za mabanki. Banki ina ndi ino," adatero akuligwedeza. "Muno muli mabwana a magalimoto akuluakulu. Amabwera, mayi ndipatseni ya chambo, lembani, alawansi ya ku Salima ikatuluka ndikuonani. Alawansi ikatuluka amakadya ku hotela, kuno amadutsa ataika foni kukhutu. Ine nkhuku ndimakapikula ndi ndalama ya banki mkhonde, Lachisanu lililonse ndimayenera kukaponya. Ndiye ndikongole ine pa 20 peresenti kuti bwana adye ulere? Awa a nyembawa," adaloza wa tayi ndi chibwano, "anali ndi tsamba lawolawo muno. Anabwera okha, anati mayi tiwerengere. Anamaliza m'miyezi itatu. Lero amadya nyemba, koma amalipira pompopompo. Ine kasitomala wanga ndi ameneyu."

Wa jekete adayang'ana fupa la nkhuku m'mbale mwake ngati akuliona koyamba. Sadafunse kuti iye ali pa tsamba liti.

Apa ndi pamene nkhaniyi idandigwira mtima. M'tauni muno munthu amene akumira m'ngongole amaoneka bwino. Galimoto ili pamsewu, ana ali ku sukulu yolipira, pa perekaniperekani amaponya ma K5,000 nyimbo isanathe, ndipo timamutcha bwana. Tsiku limene wayamba kuchira ndi limene amaoneka wogwa: wapansi, wa nyemba, wosamukira ku 25. Anzake amayamba kunong'onezana, abale amati wasintha mtima, apongozi amafunsa mwana wawo ngati kunyumba kuli mtendere. Anthu ambiri amene dongosolo lawo limafera panjira sikuti masamu adalakwika. Amalephera kupirira maso a anthu kwa zaka zitatu, ndiye amabwerera kukasaina fomu ina kuti aonekenso ngati kale.

"Koma mumagona tulo?" adafunsa mkulu wina wa imvi, mesenjala wa yunifolomu ya khaki, amene anthu onse pamenepo amangomuti madala.

Wa tayi adapinda pepala lake asanayankhe.

"Madala, ndinganame. Cha m'ma 2 koloko usiku ndimadzidzimuka, mutu n'kuyamba masamu wokha. Zodula zija sizisintha, koma zotsala m'manja mwezi uliwonse zimagula zochepa kuposa mwezi wathawo. Pepalali ndinalilemba ndi mitengo ya nthawi imeneyo. Shuga sanasaine nawo. Ndiye ndimaganiza: mwana akadwala usiku uno? Alandilodi akakweza renti? Kumudzi kukagwa maliro? Dongosolo lonseli maliro amodzi okha akhoza kuligwetsa. Bokosi, thiransipoti, chakudya cha anthu, onse amayang'ana amene ali ku Lilongwe."

"Ndiye mumatani?"

"Tinatsegula envelopu. Mwezi uliwonse, tisanagule n'komwe ufa, timaikamo kenakake. Amasunga ndi mayi a kunyumba, ine sindidziwa n'pamene imakhala. Malume atamwalira chaka chatha tinapereka zimene zinali mu envelopumo, osaonjezera. Achemwali anga anandinena pa maliro pomwepo, akuti achimwene a ku Capital Hill abwera ndi chipepeso cha mlonda."

"Mlonda walakwanji?" adatero mlonda uja, anthu n'kuphulika kuseka.

"Pepani akulu, ndi mmene ananenera. Zinandiwawa. Ndinabwera ndili ndi maganizo opita kwa mkulu uja kuti ndikatumize zina, anthu atseke pakamwa. Ndinafika mpaka pa geti lake. Ndinabwerera."

"Chinakubwezani n'chiyani?"

"Khadi. Ndinaigwira m'thumba, ndinakumbuka mmene ndinkadikirira meseji yake kuti ndigule mayunitsi a magetsi m'nyumba mwanga momwe."

Adafotokozanso zina zing'onozing'ono zimene zimamuthandiza, ndipo ndidaona ena akutchera khutu kuposa mmene ankafunira kuonekera. Foni iliyonse amayankha, ngakhale nambala yachilendo. Kale ankaizimitsa, mtima n'kumagunda tsiku lonse, pamene kuyankha kumatha mphindi ziwiri. Akaona kuti mwezi uno kwa mlamu sakwanitsa, amaimba yekha tsiku lisanafike. M'magulu a WhatsApp a makomiti a ukwati ndi zinkhoswe adatulukamo, amangopita ku tchalitchi kukaona ukwati n'kubwerera. Mayi ake kumudzi adawauza zoona, kuti feteleza chaka chino ndi thumba limodzi, osati atatu, ndipo mayiwo, m'malo mokwiya, adamutumizira thumba la chimanga pa basi. Kandege ka pa foni, kamene adayamba kuseweretsa poganiza kuti tsiku lina kadzamutulutsa m'mavuto, adakafufuta. Madzulo ena amatsika minibasi pa Area 18 n'kuyendako wapansi kuti mutu uzizire asanafike kwa ana. Ndipo pa mwezi pali kandalama kamodzi kamene sakakhudza ngakhale zitavuta: tchipisi cha ana tsiku la malipiro, ndi geti ya mpira kamodzi Silver Strikers ikamasewera pakhomo.

"Mukapanda kusiya kakomedwe n'kamodzi komwe, simufika," adatero. "Miyezi 36 si masiku. Pepala lina lili kuseri kwa chitseko cha wadiropu. Salale ikalowa, timakhwatcha mwezi umodzi, ine ndi mayi a kunyumba, cholembera chimodzi. Ana amaganiza kuti ndi kalendala ya tchalitchi."

Madala aja adatsuka m'manja, nakhala kanthawi akuyang'ana pansi.

"Ine ntchito yanga n'kuyenda ndi mapepala," adatero. "Mwa mapepala amene ndayenda nawo m'maofesi muno muli a chipepeso. Ena mwa anthu amene tinawasonkhera sanadwale. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha, mverani bwino zifukwa zimene amatchula: ngongole simasowa, ndipo ambiri ndi abambo. Munthu tadya naye pano Lachiwiri, akuseka, tayi ili pakhosi. Chikomekome cha nkuyu. Mwana wanga, zimene mwachita zouza akazi anu ndi zimene zakupulumutsani, osati SACCO. Ndipo tsiku limene mudzaone kuti maganizo akukulakani, tulo tasoweratu, chakudya sichikulowa, musadzakhale nazo nokha. Ku Area 43 kuli a St John of God, ku Bwaila kulinso madokotala a za maganizo. Kumeneko sikuti n'kwa amisala okha ayi. Ngongole ili ndi tsiku lothera. Munthu sabwerera."

Palibe adayankha. Mayi wa nsima adabwerera ku mphika wake.

Chete ameneyu adamuswa ndi bambo wina wa magalasi amene adali ndi nyuzi m'khwapa, wa mtundu wa anthu amene nkhani iliyonse amaifikitsa ku boma.

"Musadzimvere chisoni kwambiri, akulu. Dziko lenilenili lili pa dongosolo ngati lanulo. Mu 2006 anatikhululukira ngongole zambiri zakunja, tinavina. Lero tabwereranso pomwe paja. Novembala 2023, mwezi womwe kwacha inagwa uja, a IMF anavomera pulogalamu ya zaka zinayi, pafupifupi madola 175 miliyoni. Tinalandirako 35 miliyoni yoyamba yokha, Meyi 2025 pulogalamu n'kufera panjira. Chaka ndi theka. Inu mwatha miyezi 14 muli nokha, opanda nduna, opanda alangizi. Mukangopirira ina isanu mwaliposa boma."

"Ndiye mundipatse unduna wa zachuma," adatero wa tayi.

"Ayi, mungatigulitsire magalimoto onse a ku Capital Hill!"

Kuseka kusanathe, njinga yamoto idaima m'mphepete mwa msewu. Adatsikapo bambo wamfupi, wonenepa, kachikwama kachikopa kali m'khwapa, akumwetulira ngati wabwera ku chinkhoswe. Zimene zidachitika pa benchi zidali zoonetsa. Dalaivala wa ku Joni adakumbukira mwadzidzidzi kuti bwana wake akumudikira. Kalaliki wina adanyamuka nsima ili theka. Wa jekete adaweramira mbale, khosi litalowa m'mapewa.

"Mwaswera bwanji mabwana?" adatero mlendoyo, maso akuyenda pa nkhope iliyonse ngati mphunzitsi woitana mayina. Atafika pa wa tayi adatambasula manja. "Aaa, bwana anga! Mwatitaya chotere? Ngakhale moni? Fizi ya teremu ino yayandikiratu. Inu ndinu kasitomala wakale, ndikhoza kukuchitirani 40."

"Zikomo, akulu. Tili bwino."

"Khomo n'lotsegula. Aliyense amabwerera."

"Mukapereke moni kunyumba."

Adanena mawu amenewa akumuyang'ana m'maso, dzanja lina likutapa nyemba. Pa benchi lonse, munthu yekhayo amene adapitiriza kudya mwamtendere adali iye. Katapilayo adatembenukira kwa wa jekete, sadanene kanthu, adangogogoda kachikwama kake kawiri ndi chala, n'kubwerera ku njinga. Malonda akewo alibe chilolezo, ndipo apolisi amawagwira ndithu anthu opezeka ndi mulu wa makhadi a eni. Koma wokadandaula ndani, poti wodandaulayo mwezi wamawa adzafunanso pothawira?

Nthawi ya nkhomaliro itatha anthu adabalalika. Ine ndidali ndi ulendo wa ku Old Town, ndipo pa siteji ndidapezanso awiri aja. Wa tayi adatumidwa kukasiya makalata, wa jekete adati amuperekeza. Tidakwera minibasi imodzi, iwo kutsogolo kwanga. Mpaka tidutse pa chipatala cha Kamuzu Central wa jekete sadatsegule pakamwa. Tikuyandikira mlatho wa Lilongwe, pamene magalimoto amayenda ngati akuperekeza maliro ndipo mavenda amagogoda mawindo, ndi pamene adayamba.

"Achimwene, zija munanena zandikhudza."

"Zoona?"

"Zoona. Inenso ndikufuna nditamuchotsa mkulu uja pakhosi. Ali ndi khadi yanga kuyambira Janyuwale. Ndiye ndapeza njira. Pali kampani ina ikuti ikhoza kundipatsa yokwanira kumutseka, n'kutsalanso ina yoti ndikonzetse galimoto, ndilipire fizi, mwinanso kayendedwe ka Khirisimasi. Akungofuna munthu mmodzi wa pa peyilolo woti asaine ngati mboni. Inu dzina lanu pano layera."

"Alamu akudziwa?"

"Aaa, za amayi zilekeni. Akhoza kudwala BP."

"Mwalemba zonse papepala? Zonse, ndi za mayi wa nsima zomwe?"

"Ndimazidziwa pamtima."

"Zingati?"

Wa jekete adatsegula pakamwa, nayang'ana kudenga la minibasi, milomo ikuyenda. Nambala siidatuluke.

"Kusaina sindisaina," adatero wa tayi. "Mboni ndiye kuti mukalephera adzadula ine, ndipo pa peyisilipi yanga palibe malo a munthu wina mpaka miyezi 22 itatha. Koma Loweruka bwerani ku 25, mubwere ndi alamu. Kope lilipo, cholembera chilipo. Tidzakhala nanu mpaka titawonkhetsa."

"Ndiye chibale chake n'chimenecho? Ine ndinakuperekezani ku chinkhoswe chanu, achimwene. Siginecha yokha?"

"Siginecha yokha ndi imene inandigulitsitsa galimoto."

"Mwasintha, akulu. Anthu akunena zoona."

"Ndasinthadi."

Kondakitala adamenya chitseko. "Depoti otsika! Bwana wa jekete, ndalama yanu sinakwane, mwandipatsa yoperewera."

Wa jekete adapapasa m'matumba onse anayi, kenako adatembenukira kwa mnzake. Wa tayi adapumira m'mwamba, natulutsa K500, napatsa kondakitala.

"Iyi si ngongole, ndakupatsani," adatero. "Loweruka, 9 koloko. Mukabwera nokha opanda alamu, geti sinditsegula."